Momwe bungwe lanu lingatetezere amayi othawa kwawo ku Dzaleka

Msasa wa Dzaleka ku Dowa unatsegulidwa mu 1994, ndipo lero muli anthu opitirira 50,000, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Pothinana chonchi, nkhanza zimagwera kwambiri amayi ndi atsikana. Ngati bungwe lanu kapena gulu la kumpingo likufuna kuthandizapo, yendani motere.

Choyamba, khalani pansi ndi amayiwo paokha, abambo asakhalepo, muwafunse malo amene amaopa. Mwina atchula njira ya kunkhuni, pamjigo kukada, kapena chimbudzi chopanda loko. Zina mwa izi zimangofuna maloko ndi nyali za sola.

Chachiwiri, pezani womasulira wamkazi wodziwa Chiswahili, Chikirundi kapena Chinyarwanda. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: amangotenga mnansi wa mayiyo, mawa lake nkhani yafika pamsika. Mayi akaona mnzake atachititsidwa manyazi chotero, yake amangoyimeza.

Chachitatu, mayi akagwiriridwa, thamangirani naye kuchipatala. Mankhwala a PEP oteteza ku HIV amayenera kuyambika pasanathe maola 72, ndipo oletsa mimba mwadzidzidzi pasanathe masiku 5. Musadikire kuti akuluakulu ayambe akambirana.

Chachinayi, muperekezeni ku Victim Support Unit, ofesi ya polisi yothandiza ochitiridwa nkhanza, ngati iye wavomera. Akakhala mwana, kukanena n'kokakamiza. Nambala ya foni yaulere ya 116, yothandiza ana, imathandizanso. Malamulo a dziko lino amateteza othawa kwawo ngati wina aliyense, kuphatikizapo lamulo lothana ndi nkhanza za m'banja la 2006 ndi loletsa kuzembetsa anthu la 2015. Kuyambira 2017, ukwati wa mwana wosakwana zaka 18 ndi woletsedwa. Choncho musalole kuti mlandu wogwirira uthere pa chindapusa, kapena kuti mtsikana akwatiwe ndi amene wamulakwira.

Chachisanu ndi ndalama. Mu 2023 boma linabweza kumsasa othawa kwawo amene ankachita malonda m'matauni, ndipo thandizo la WFP, bungwe loona za chakudya padziko lonse, lakhala likuchepa. Mayi wopanda ufa m'nyumba savuta kunyengerera. Banki m'khonde, kusoka ndi kuphika zogulitsa zimam'patsa mphamvu yokana.

Antchito anu omwe muwayang'ane. Aliyense asayine kuti sadzapempha chibwenzi posinthana ndi thandizo, ndipo amayi adziwe kokadandaula kosadzera kwa wantchito yemweyo.