Mmene ndinatetezera Bacula ndisanapange upgrade

Vuto linali loti seva ya Bacula (pulogalamu yopanga ma backup), yosunga ma backup a makompyuta ena onse, yokha inalibe poteteza. Inde job ya BackupCatalog imapanga dump (kopi mu fayilo) ya catalog, database yomwe Bacula amalembamo zonse zimene wasunga, usiku, koma ikangomaliza, delete_catalog_backup imafufuta fayilo ya dump ija, bacula.sql, kopi imangotsala mkati mwa ma volume a Bacula momwemo (mafayilo kapena matepi omwe ma backup amalembedwamo). Ndiye upgrade ikaphwanya Director (gawo loyendetsa ma job onse a Bacula) kopiyo mukaitulutsa bwanji, mwatsala ndi zida ngati bextract, yotulutsa mafayilo mu volume popanda Director, ntchito yowawa zedi.

Ine ndinayamba ndaimitsa bacula-director kuti pasakhale job yolemba mu catalog, kenako pg_dump -Fc pa database ya bacula ku PostgreSQL. /etc/bacula yonse ndinaimanga ndi tar, mapasiwedi a bacula-dir.conf, bacula-sd.conf ndi bacula-fd.conf ayenera kugwirizana ndiye osasiyako ngakhale imodzi, mafayilo a .bsr (osonyeza pomwe backup ili mu ma volume) nawonso ndinatenga. Zonsezo ndinakopera pa kompyuta ina, osati disiki yomweyo ayi.

Apa ndipomwe ndimalimbikira kwambiri, dump ija ndinaiyesa kaye ndi pg_restore pa makina oyeserera, nkuwerenga mizere ya table ya Job ngati ikufanana mbali zonse. Chifukwa update_bacula_tables, script yomwe imayendetsedwa pa upgrade, ikasintha ma table palibe njira yobwerera kumbuyo, pokhapokha muli ndi dump yoti inagwiradi.