Kasungidwe ka chuma cha kalabu ya okwera akavalo ku Zomba

Kavalo amadya tsiku lililonse, kaya kwabwera okwera kaya sikunabwere munthu, ndipo msungichuma wa kalabu yaing'ono yosafuna phindu ayenera kuyambira pamenepa asanayambe kuwerengera zolowa. Kavalo wolemera makilogalamu 450 amafuna chakudya chouma chokwana pafupifupi makilogalamu 9 patsiku, chambiri mwa icho chikhale udzu. Lembani mtengo wa udzuwo, madeya, mchere, mankhwala a nkhupakupa ndi a njoka za m'mimba, katemera wa chaka ndi chaka wa matenda a akavalo otchedwa African horse sickness, kudula ziboda pakatha milungu 6 mpaka 8, komanso malipiro a wosamalira khola. Mukaphatikiza zonse za pachaka za kavalo mmodzi n'kugawa ndi 12, mwapeza chimene kavalo mmodzi amadya pamwezi, ndipo ndalama ya umembala ichokere pa chiwerengero chimenecho, osati pa zimene mamembala akuona kuti n'zopepuka.

Kuno ku Zomba vuto lalikulu ndi dzinja. Kuyambira Novembala mpaka Epulo njira za paphiri zopita ku Emperor's View ndi ku damu la Mulunguzi zimaterera, nkhungu imakuta, okwera amachepa, pomwe madeya amakwera mtengo kuzigayo. Choncho ndalama za miyezi ya chilimwe musazione ngati zotsala. Gulani madeya anthu akangokolola, muwayanike mpaka aume gwa, matumba muwasanje pa matabwa osati pansi, chifukwa madeya achuku amadwalitsa kavalo, ndipo dokotala wa ziweto adzakudyerani zoposa zimene munapulumutsa.

Ine ndimalimbikitsa kwambiri thumba lapadera la ndalama lokwanira kudyetsa akavalo onse miyezi itatu. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo katemera, zishalo ndi mankhwala ambiri, zomwe zimagulidwa kunja, zinakwera mtengo nthawi yomweyo.

Kalabu ilembetsedwe mwalamulo, mwachitsanzo pansi pa lamulo lotchedwa Trustees Incorporation Act, kuti itsegule akaunti ya kubanki m'dzina lake, yosainira anthu awiri. Ndalama za pa Airtel Money kapena Mpamba zisalowe pa nambala ya membala aliyense, ngakhale wapampando. Amayi ogulitsa udzu sapereka lisiti, choncho khalani ndi kabuku koti azisainamo kapena kudinda chala, ndipo kabukuko muzikawerenga pamaso pa komiti mwezi uliwonse.