Momwe mungajambulire tchati cha maulendo a zombo zopita ku mapulaneti

Kuyambira mu 1962, pamene chombo cha Mariner 2 chinadutsa pafupi ndi Venus n'kutumiza zimene chinayeza, maulendo opita ku mapulaneti ena achuluka moti mndandanda wa mayina pawokha suonetsa mmene ntchitoyi yayendera. Tchati chimaonetsa zimenezi, bola chikonzedwe mosamala.

Yambani ndi tebulo mu Excel kapena Google Sheets, ndipo ulendo uliwonse ukhale ndi mzere wake: dzina la chombo, dziko limene linachitumiza, tsiku lonyamuka, tsiku lofika, pulaneti imene chinkapitako, komanso ngati chinangodutsa pafupi, chinazungulira kapena chinatera. Masiku onse awiri ndi ofunika, chifukwa Cassini inanyamuka mu 1997 koma inafika ku Saturn mu 2004, ndipo kadontho kamodzi sikangaonetse zaka zonsezo zimene inali m'njira.

Ikani zaka mopingasa, mapulaneti kuchokera pansi kukwera m'mwamba malinga ndi kutalikira kwawo ndi dzuwa, kenako lumikizani tsiku lonyamuka ndi lofika pogwiritsa ntchito mzere. Apa pamafunika kusamala. Neptune ili kutali ndi dzuwa pafupifupi ka 30 poyerekeza ndi dziko lathu, pamene Mars ili kutali kamodzi ndi theka basi, choncho mukatsatira mtunda weniweni, Venus ndi Mars zidzapanikizana pansi pa tchati ngakhale kuti ndi kumene zombo zambiri zinapita. Ndi bwino kupatsa pulaneti iliyonse mpata wofanana, n'kulemba pambali kuti mipatayo sikuimira mtunda weniweni. Voyager 2, imene inafika ku Jupiter mu 1979, Saturn mu 1981, Uranus mu 1986 ndi Neptune mu 1989, ijambulidwe ndi mzere umodzi wosaduka wokhala ndi timadontho tinayi.

Chimene ndikukupemphani kwambiri n'chakuti musachotse maulendo amene sanatheke. Tchati chongosonyeza zopambana chimapatsa owerenga chithunzi cholakwika, ngati kuti kupita ku Mars n'kophweka, pamene zombo zambiri zinatayika, kuphatikizapo Mars Climate Orbiter ya NASA (bungwe la ku America loona za mumlengalenga) mu 1999, imene inaonongeka chifukwa magulu awiri a akatswiri anagwiritsa ntchito miyeso yosiyana. Magulu awiri okha a "kupambana" ndi "kulephera" sakwananso. Mars 3 ya Soviet Union inateradi pa Mars mu 1971 koma inangotumiza uthenga kwa masekondi ochepa, ndipo Akatsuki ya ku Japan inalephera kuyamba kuzungulira Venus mu 2010, n'kudzakwanitsa mu 2015. Maulendo oterewa apatseni chizindikiro chawochawo. Mizere yodukaduka imathandiza kuposa kudalira mtundu wofiira ndi wobiriwira, popeza anthu ena sasiyanitsa mitundu iwiriyi.

Mukamaliza, yang'anani maulendo a ku Mars. Ayenera kuoneka m'timagulu totalikirana pafupifupi miyezi 26, chifukwa ndi nthawi imene dziko lathu ndi Mars zimakhala pamalo oyenera ulendo. Hope ya United Arab Emirates, Tianwen-1 ya China ndi Perseverance ya America zonse zinanyamuka mu Julaye 2020 n'kufika mu Febuluwale 2021. Ngati timaguluti sitikuoneka, bwererani ku tebulo lanu mukaonenso masiku onyamuka.