Momwe mungaunikire $1 yakale ya pepala ya ku Australia musanaigule

Ndalamayi inatuluka pa 14 February 1966, tsiku limene Australia inasiya mapaundi n'kuyamba madola, ndipo inalekeka mu 1984 itabwera $1 yachitsulo. Anaikonza ndi Gordon Andrews. Ndi yabulauni, kutsogolo kuli Mfumukazi Elizabeth II, kumbuyo kuli zojambula za Aaborijini, anthu oyamba kukhala m'dzikolo. Zina mwa izo ndi za mmisiri wojambula David Malangi, zimene banki yaikulu ya dzikolo inatenga osamupempha, n'kudzamulipira $1,000 pambuyo pake.

Yambani ndi kuyeza: iyenera kukhala mamilimita 140 m'litali, 70 m'lifupi. Ikaperewera, wina anadula m'mbali pobisa pong'ambika. Kenako iunikeni padzuwa. Muone nkhope ya James Cook, kaputeni wa sitima wa ku Britain, m'kati mwa pepala ndi kaulusi kachitsulo. Kaulusi kodutsa pakati pa ndalama ndi ka ndalama zoyambirira. Mu 1976 anakasunthira chakumbali poti pakatipo ndi popindira, pepala linkatha msanga.

Werengani mutu. "Commonwealth of Australia" ndi yakale, "Australia" yokha inayamba mu 1974. Chaka sichinalembedwe, mumachidziwira pa masiginecha awiri. Yosainidwa ndi Coombs ndi Wilson ndi ya 1966. Coombs ndi Randall ndiyo yosowa, ndiye mtengo wake ndi wina. Johnston ndi Stone ndi yomaliza, ndipo ilipo yambirimbiri, musalipire zambiri ngakhale ikhale yowala bwanji.

Pamene anthu amaberedwa kwambiri ndi pa kanyenyezi. Ndalama ikawonongeka posindikiza, ankaikapo ina yolowa m'malo, nambala yake ikuthera ndi kanyenyezi. Zimenezi n'zodula zedi, n'chifukwa chake ogulitsa ena pa intaneti amangodinda kanyenyezi pa ndalama wamba. Yeniyeni zilembo zake zimayamba ndi Z, manambala ndi 5 osati 6, kanyenyeziko kali pamalo pa nambala yomaliza. Tengani galasi lokulitsa zinthu: inki ya kanyenyezi ifanane ndi ya manambala, ndipo pepala pamenepo lisakhale lopalidwa. Kanyenyezi pa ndalama ya mutu wa "Australia" yekha ndi kabodza, chifukwa pofika nthawiyo anali atasiya. Wogulitsa akakana kutumiza chithunzi chapafupi cha nambala, msiyeni.

Ndalama yositidwa ndi simbi imaoneka yosalala, koma mukaipendeketsa pa nyali mizere ya mopindamo imaonekabe, ndipo inki yake, imene imakhala yotukuka, sitokosanso chala.

Mukagula musaitsuke, musamatepo tepi. Ikani m'kathumba ka pulasitiki wa mtundu wa Mylar, osati wa PVC, pouma ndi pamdima.