Kuika malamba a mapazi pa bolodi ya foil yopanda ma insert

Bolodi ya foil, yoseweretsa pamadzi yokhala ndi phiko pansi pake, inabwera yopanda ma insert, tizipangizo ta mabowo tokwiriridwa mu bolodi momwe amamangamo masikuluwu a malamba. Kumanga masikuluwu mwachindunji sikunagwire: foam ya EPS (styrofoam yopepuka) ya mkati mwa bolodi ndi yofewa, masikuluwu anazuka ndipo madzi analowa. Zomata ndi guluu pamwamba nazo zinamatuka.

Chomwe chinagwira ndi ichi. Imani pa bolodi, lembani pomwe mapazi akhala, dulani padi (mphira wopondapo wa pamwamba pa bolodi) pamenepo. Kumbani dzenje ndi router (makina ogobera), lokulirapo kuposa insert, muikemo kachidutswa ka foam yolimba ya PVC. Apa ndiye pagona nkhani: kachidutswako kamamwaza mphamvu ya kukoka, insert yokha mu EPS imagwedera.

Matani kachidutswako ndi guluu wa epoxy, osati wa polyester, chifukwa polyester imasungunula EPS. Musathire wambiri nthawi imodzi. Epoxy wochuluka amatentha pouma n'kudya foam. Lowetsani insert mu kachidutswako, tsekani mabowo ake ndi tepi, kwechani m'mbali ndi sandipepa, yalani nsalu za fibreglass zitatu zopitirira dzenjelo masentimita 5 mbali zonse.

Dikirani maola 24, boolani mabowo, mangani ndi masikuluwu osachita dzimbiri. Yezani kutalika kwa masikuluwuwo kaye, lalitali limaboola pansi pa insert.