Madzi kaye, moto pambuyo: kasamalidwe ka boila ya gasi

Maboila akuluakulu a m'mafakitale a tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje amadya nkhuni za bulugamu, ndipo a shuga ku Nchalo ndi ku Dwangwa amayaka ndi zotsala za nzimbe zofinyidwa. Malangizo ano ndi a inu amene muli ndi boila yocheperapo, yoyaka ndi gasi wa m'masilinda: ochapa nsalu m'mahotela ndi m'zipatala, ophika mkaka wa soya, olima bowa amene mumapha tizilombo m'zobzalamo ndi nthunzi. Boila ya gasi ilibe phulusa, imayaka mukangodina batani, ndipo n'chifukwa chake ambiri amaiderera.

Musaiderere. Geji ya presha ikamaloza mabaa 7 (baa ndi muyeso wa presha), madzi a m'katimo amakhala atafika madigiri 170 koma akadali madzi, chifukwa presha yawapanikiza. Chitsulo chikang'ambika, gawo la madziwo limasanduka nthunzi m'kuphethira kwa diso, ndipo lita imodzi ya madzi imatulutsa malita a nthunzi oposa 1,600. Chimene chimagwetsa khoma ndi kusasula denga ndi chimenecho.

M'mawa mukalowa m'chipinda cha boila musathamangire swichi. Yambani mwanunkhiza, ndipo muwerame, pakuti gasi wa m'silinda ndi wolemera kuposa mpweya. Akathawa amakabisala pansi, m'ngalande ndi m'maenje. Mukamva fungo tsekani gasi ku silinda, tsegulani zitseko, ndipo musakhudze chilichonse cha magetsi. Pothawira gasi timafufuza ndi madzi a sopo: pakani molumikizira mapaipi, pamene pakufufuma thovu ndi pomwepo. Machesi ayi.

Kenako madzi, ndipo apa tichedwepo. Onani ngati m'thanki yodyetsera boila muli madzi, ngati pampu ikukoka, ndiponso ngati madzi m'kagalasi koonera ali cha pakati. Koma kagalasi kamanama. Matope akatseka kabowo kapansi, kamakuonetsani madzi adzana boila ili pafupi kuuma. Choncho presha ikakwerako, kayeseni tsiku ndi tsiku. Tsekani kavalavu ka madzi, tsegulani kotayira, nthunzi ituluke mwamphamvu. Tsekani ka nthunzi, tsegulani ka madzi, nawonso atuluke mwamphamvu. Mukatero tsekani kotayira ndi kutsegula ka nthunzi. Madzi ayenera kubwerera m'galasi msangamsanga ndi kumagwedera pang'ono. Akamakwera mwaulesi, kapena akangoti duu osagwedera, njira yatsekeka. Thimitsani moto mpaka itakonzedwa.

Poyatsa, valavu yaikulu ya nthunzi ikhale yotseka, koma kavalavu kotulutsa mpweya pamwamba kakhale kotsegula mpaka nthunzi itayamba kutulukapo. Mukadina batani, fani imayamba yazungulira yokha kwa kanthawi moto usanayake. Sikuti makina akuchedwa: akuuluza gasi amene mwina watsalira m'ng'anjo. Musalole munthu, ngakhale mwini fakitale, kufupikitsa nthawi imeneyi. Moto ukakana kuyaka makina n'kudzitseka okha, musamangodina reset mobwerezabwereza, chifukwa kudina kulikonse kumawonjezera gasi wosapsa m'ng'anjomo, ndipo akadzagwira moto adzagwira yense pamodzi. Ukakana kawiri, itanani wodziwa burner, chida chimene chimayatsa motowo.

Boila yozizira itenthetsedwe ndi moto wochepa kaye, chitsulo chifutukuke mofanana. Valavu ya nthunzi muitsegule pang'onopang'ono, mutataya madzi ogona m'mapaipi. Kugogoda kumene mumamva m'paipi ndi madzi othamangitsidwa ndi nthunzi, ndipo amatha kuswa valavu. Suzumirani pa kagalasi ka ng'anjo. Lawi labwino ndi labuluu, lokhazikika. Lachikasu, lothawathawa, losiya mwaye likukuuzani kuti mpweya wachepa, ndipo moto wotero umatulutsa carbon monoxide, mpweya wakupha umene sununkha. Wogwira ntchito akamadandaula mutu ndi chizungulire m'chipindamo, mutulutseni panja ndipo muthimitse moto. M'miyezi ya June ndi July pamakhala chiyeso chotseka mabowo olowera mpweya ndi makatoni pothawa chisanu. Asiyeni otsegula.

Pali alonda awiri oyenera kuyesedwa. Woyamba ndi chida chimene chimathimitsa moto madzi akachepa. Chiyeseni monga buku la boila yanu likunenera, muone ndi maso kuti moto wazima madzi asanasowe m'galasi. Wachiwiri ndi safety valve, valavu imene imatseguka yokha kutulutsa nthunzi presha ikapyola muyeso. Ikamadontha, mankhwala ake ndi kuikonza kapena kugula ina, osati kuimanga ndi waya kapena kuitsendereza ndi chitsulo.

Tsiku lina mudzapeza galasi lili mbee, lopanda madzi, moto ukuyaka. Mtima udzakuuzani kuti thamangani mukayatse pampu. Musatero. Mapaipi a m'kati angakhale atafiira kale, ndipo madzi ozizira akawagwera amang'ambika pomwepo. Tsekani gasi, imitsani pampu, tulutsani anthu, isiyeni izizire yokha, ndipo isayatsidwenso katswiri asanaione m'kati. Magetsi akathima mwadzidzidzi pampu ndi fani zimaima, choncho tsekani valavu ya gasi ndi dzanja, osangodalira kuti yadzitseka. Magetsi akabwera, yambiraninso pa galasi la madzi.

Chimene chimapha maboila ambiri mwakachetechete ndi mtundu wa madzi. Suzumirani m'ketulo imene mwakhala mukuwiritsira madzi a pa mjigo: muli nkhoko yoyera yolimba. Nkhoko yomweyo imamata pa mapaipi a boila, kutchinga kutentha kuti kusafike ku madzi, motero gasi amatha msanga ndipo chitsulo chimapsa mpaka kufooka. Kumadera monga Chikwawa ndi Nsanje, kumene mijigo yambiri imatulutsa madzi a mchere, boila yopanda makina okonzera madzi sikhalitsa. Makina otchedwa softener amachotsa laimu amene amapanga nkhokoyo, koma amagwira ntchito pokhapokha mukamawathira mchere wake, ndipo sachotsa mchere wa m'madzi. Madzi otere amafuna kuyezedwa kaye musanasankhe makina. Tsiku ndi tsiku chitani blowdown, kutaya matope a pansi pa boila. Chitani nthawi imene ntchito yachepa, matope atadikha, motsegula kwa masekondi ochepa n'kutseka, diso lili pa galasi.

Mdani wina ndi okosijeni wa m'madzi ozizira, amene amaboola timaenje ta dzimbiri m'chitsulo. Kutenthetsa madzi a m'thanki yodyetsera kufika madigiri 80 kapena 85 kumachotsa wambiri, ndipo mankhwala monga sodium sulphite amamaliza wotsalayo. Pa 3 April 2017, thanki ya madzi otentha a boila inaphulika pa fakitale yopanga makatoni mumzinda wa St. Louis ku America, n'kuuluka kukagwera nyumba ina, ndipo anthu 4 anafa. Ofufuza anapeza kuti pansi pake panali patadyeka ndi dzimbiri, ndiponso kuti kudontha kunali kutaoneka masiku atatu m'mbuyomo koma makina anayatsidwabe. Dontho lotuluka pa thupi la boila si la kutchera chitini, ndipo wowotcherera zitsulo wa pamsika asayandikirepo.

Tsiku lotsuka, tsekani gasi, zimitsani magetsi ndi kukhoma loko pa swichi, kiyi ali m'thumba mwanu. Dikirani geji ifike pa 0 ndipo chitsulo chizizire chokha. Tsegulani kavalavu ka mpweya musanataye madzi ndi kumasula zitseko. Tsukani m'kati ndi paipi ya madzi nthawi yomweyo matope akadali ofewa, chifukwa akauma amalimba. Mbali ya moto ikwecheni ndi burashi ya waya, muchotse mwaye. Yang'anani ndi tochi ngati pali timaenje, ming'alu kapena potupa. Kutsuka ndi asidi kusiyireni akatswiri. Potseka ikani magasketi atsopano, ndipo mudzamangenso manati boila ikatentha koyamba.

Khalani ndi kope lolembamo presha, mlingo wa madzi, nthawi ya blowdown ndi kutentha kwa utsi pa chumuni. Utsi ukamatentha kuposa mmene unalili boila itangotsukidwa, m'kati mwada. Madigiri 22 aliwonse owonjezera amakudyerani pafupifupi gawo limodzi pa magawo 100 a gasi wanu. Ku Malawi lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997 limafuna kuti boila ya pa malo a ntchito iziyesedwa ndi munthu wovomerezeka, ndipo oyang'anira za chitetezo a ku unduna wa za ntchito ndi amene amalondola zimenezi. Akabwera, kope lija ndi chiphaso cha kuyesedwa komaliza zikhale pafupi.