Nyali Zolamulidwa ndi Foni Zikamayaka ndi Kuzima Zokha: Mmene Mungapezere Chimene Chikuzisokoneza

Nyumba imene mwaikamo mababu ndi maswitchi olamulidwa ndi foni imakondweretsa masabata oyambirira, mpaka usiku wina pamene nyali ya pakhonde iyaka yokha anthu onse ali m'tulo, ya pabalaza n'kuyamba kuphethira, ndipo ya kuchipinda n'kukana kumvera ngakhale mutadina batani kangati. Zikafika pamenepa ambiri amathamangira kusitolo kukagula babu lina, koma kawirikawiri babulo silinalakwe chilichonse, ndipo latsopanolo posakhalitsa limayamba khalidwe lomwelo. Chimene chimasokoneza zipangizozi chimazifikira kudzera m'njira ziwiri: mwina chimayenda m'mawaya a nyumbayo pamodzi ndi magetsi, mwina chimabwera m'mphepo ngati mafunde a wailesi. Musanatulutse ndalama ina iliyonse, dziwani kaye kuti vuto lanu ladzera njira iti, chifukwa mankhwala a njira imodzi sathandiza pa inzake.

Pali zizindikiro zina zimene simuyenera kuzifufuza nokha. Ngati mababu ena akuwala mopitirira muyezo pa nthawi imene ena akuchepa mphamvu, ngati switchi kapena soketi ikutentha mukaikhudza, ngati mukumva kuthetheka m'khoma kapena fungo la pulasitiki yopsa, ndiye kuti pali waya wosamangika bwino, ndipo nthawi zambiri amakhala wa neutral, waya wobwererapo magetsi. Waya wotere amawononga zipangizo ndipo amatha kuyatsa nyumba. Zimitsani switchi yaikulu pa bokosi la magetsi n'kuitana wamagetsi wovomerezeka. Ntchito iliyonse yofuna kumasula switchi pakhoma kapena kukhudza mawaya, mwa zimene ndifotokoze pansipa, ndi ya iyeyo. Yanu ndi kuyang'anitsitsa, kulemba, kuzula mapulagi ndi kusintha zimene zili pa foni.

Chida choyamba ndi kope ndi cholembera. Kwa sabata imodzi, nthawi iliyonse nyali ikachita zachilendo lembani ola, chipinda, ndiponso chimene chinayatsidwa m'nyumbamo mphindi yomweyo. Kwathu nyali ziwiri za pabalaza zinkagwa mphamvu kwa kanthawi kochepa kenako n'kuzimiratu, ndipo kwa mwezi wathunthu ndinkaganiza kuti switchi yake ndi yachinyengo. Nditayamba kulemba ndinaona kuti zimachitika m'mamawa anthu akamasamba ndi madzulo akamatsuka mbale, yomwe ndi nthawi imene pampu yokweza madzi m'thanki imalira. Ndinaima pabalaza, mwana wanga n'kukayatsa pampuyo ndi dzanja, ndipo nyalizo zinazima ndikuona. Mota ya pampu kapena ya firiji ikamayamba kuzungulira imakoka magetsi ochuluka kangapo kuposa amene imagwiritsa ntchito ikakhazikika, choncho mphamvu imatsika pa waya wonsewo. Ikamazima imaponyanso kamphamvu kakuthwa m'mawaya, ndipo kakompyuta kakang'ono kamene kali mkati mwa switchi kamatha kudzidzimuka n'kuyambiranso. Wamagetsi anasamutsira pampuyo pa breaker yakeyake ndi kuika snubber pamene imayatsidwira. Snubber ndi resistor ndi kapasita zolumikizidwa mondondozana, kawirikawiri za 100 ohm ndi 0.1 microfarad, ndipo kapasitayo iyenera kukhala ya mtundu wa X2, wopangidwira magetsi a m'nyumba. Kuyambira tsiku limenelo nyalizo sizinazimenso zokha.

Kope lomwelo lidzakuthandizani kupatula zinthu zimene zimaoneka ngati chisokonezo pomwe sizili choncho. Mababu ambiri a mtunduwu anakonzedwa kuti magetsi akapita n'kubweranso aziyaka ndi mphamvu yonse, kotero kumene magetsi amazimazima, nyali yoyaka yokha usiku imangotanthauza kuti magetsi anaduka pang'ono. Mu pulogalamu ya pa foni muli malo osankhira kuti babu lizibwerera mmene linalili lisanazime. Onaninso ndandanda ya nthawi imene munaika n'kuiwala, komanso kachipangizo kozindikira kuyenda kwa munthu, chifukwa galu kapena mphaka akadutsa kamayatsa nyali.

Nkhani ya dimmer, chipangizo chochepetsera kuwala, ndiyo imasautsa anthu ambiri. Magetsi a ku Malawi, ku Zambia ndi ku Britain ndi a 230 V pa 50 Hz, kutanthauza kuti mphamvu yake imadutsa pa ziro maulendo 100 pa sekondi iliyonse. Dimmer yakale, yotchedwa leading edge, imadikira pang'ono pambuyo pa ziro aliyense kenako n'kutsegula magetsi mwadzidzidzi. Inapangidwira mababu akale a kawaya kofiira ndi moto a 60 W kapena 100 W, ndipo imafuna katundu wokwanira kuti isadzitseke yokha pakati pa njira. Babu la LED la 7 W silikwanitsa zimenezo, n'chifukwa chake limaphethira, limalira ngati udzudzu, kapena limazima mukangochepetsa kuwala. Poyesa, chotsani babu limodzi la LED n'kuikapo lakale lija. Kuphethira kukatha, mwapeza kuti dimmer ndi mababuwo sizikugwirizana. Mankhwala ake ndi dimmer ya trailing edge pamodzi ndi mababu olembedwa pa katoni kuti amalola kuchepetsedwa kuwala, ndipo mukatero kwezani mulingo wotsikitsitsa wa kuwala mpaka kuphethira kutasiya. Babu limene limalamulidwa ndi foni palokha lisaikidwe konse kumbuyo kwa dimmer ya pakhoma, chifukwa limafuna magetsi athunthu nthawi zonse.

Palinso babu limene limanyezimira pang'ono mumdima ngakhale mwazimitsa. Izi zimachitika kwambiri ndi maswitchi osafuna waya wa neutral, amene amadzidyetsa podutsitsa timagetsi tochepa kudzera m'babulo. Babu lakale silinkaonetsa kanthu, koma la LED limayaka ndi tochepa tomweto. Kapasita yapadera yoikidwa pa nyaliyo, pakati pa live ndi neutral, imathetsa vutoli, ndipo maswitchi ambiri otere amabwera nayo m'katoni. Ngati mukumanga nyumba, uzani wamagetsi afikitse neutral m'bokosi la switchi lililonse, pakuti mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi kudzagumula khoma pambuyo pake.

Amene muli ndi inveta kapena jenereta yang'anani ngati vuto limayamba nyumba ikangochoka pa magetsi a pa pholo. Inveta ya modified sine wave imatulutsa magetsi odumphadumpha ngati masitepe, ndipo dimmer, imene imadalira kuona bwino pamene mphamvu yadutsa pa ziro, imasochera. Pamenepo palibe fyuluta imene ingathandize: mufunika inveta ya pure sine wave, apo ayi nyali za dimmer zichotsedwe pa mzere wa invetayo.

Ngati kope silinakulozereni wolakwa, tengani wailesi yaing'ono ya mabatire yokhala ndi AM. Ikani singano pamalo opanda siteshoni, chakumunsi kufupi ndi 530 kHz, kwezani mawu, ndipo yendani nayo pang'onopang'ono m'nyumba monse, mukuiyandikiza ku masoketi, ku matchaja, kuseri kwa TV ndi pa bokosi la magetsi. Pamalo abwino mudzamva kaphokoso kofewa ngati mvula yakutali. Mukafika pa chipangizo chosokoneza, phokosolo limasanduka kulira kwaukali kokhala ngati mavu atsekeredwa m'chitini. Zulani pulagi yake mumve ngati kulirako kwatha. Kawirikawiri olakwa amakhala matchaja otchipa a foni ndi a laputopu, timabokosi topatsa mphamvu nyali za LED zamizeremizere, ndi mababu akale a fluorescent amene atsala pang'ono kupsa. Kulirako kukamamveka paliponse, tsitsani ma breaker onse kenako muziwakweza limodzilimodzi, wailesi ili m'manja, mpaka mutapeza mzere umene phokoso labwerera. Ndikutsindika kuti limodzilimodzi: mukasintha zinthu ziwiri nthawi imodzi vuto n'kutha, simudzadziwa chimene chathandiza, ndipo likadzabweranso mudzayambira pachiyambi. Tchaja yaphokoso ndi yofunika kungoitaya. Chipangizo chodula chimene simungachitaye muchimangirire ferrite pa chingwe chake, pafupi ndi pamene chingwecho chatulukira. Ferrite ndi kachitsulo kotuwa kokhala ngati mkanda waukulu, kamene mumakaona pa zingwe zina za kompyuta.

Phokoso la m'mawaya limavutitsa koposa zipangizo zimene zimatumiza malamulo kudzera m'mawaya omwewo. Njira yakale ya X10, imene kampani ya Pico Electronics ya ku Glenrothes ku Scotland inayambitsa mu 1975, imatumiza timafunde ta 120 kHz pa nthawi imene magetsi akudutsa pa ziro. Tchaja yaphokoso imatha kuphimba timafundeto, ndipo makompyuta ndi ma TV ena amatimeza. Pamenepo fyuluta yolowetsa pa soketi ya chipangizo cholakwacho imathandiza, ndipo m'nyumba ya magetsi a three phase pamafunika kachipangizo kolumikizira kotchedwa coupler kuti lamulo liwoloke kuchoka pa phase ina kupita pa inzake.

Tsopano za m'mphepo. Chizindikiro chake n'chakuti nyali imawala bwinobwino osaphethira, koma imachedwa kumvera kapena imasowa pa foni. Zigbee, njira yolankhulirana popanda mawaya imene mababu a Philips Hue ndi ena ambiri amagwiritsa ntchito, imakhala pa 2.4 GHz pamodzi ndi Wi-Fi ndi Bluetooth, ndipo mayikulowevu ya kukhitchini nayo imagwira ntchito pa 2.45 GHz. Zigbee ili ndi matchanelo 16, kuyambira 11 mpaka 26, ndipo manambala ake safanana ndi a Wi-Fi: tchanelo 11 ya Zigbee imagwera pamalo a tchanelo 1 ya Wi-Fi, osati pamalo a 11. Wi-Fi imalankhula mokweza kwambiri kuposa Zigbee, choncho zikakumana pamalo amodzi Zigbee ndiyo imagonja. Lowani mu rauta yanu, muletse kuti isamasinthe tchanelo yokha, muikhazike pa 1, 6 kapena 11, ndipo m'lifupi mwake mukhale 20 MHz. Zigbee muiike pa 15, 20 kapena 25, manambala amene amagwera m'mipata ya pakati pa matchanelo a Wi-Fi aja. Yambani ndi kusintha Wi-Fi, chifukwa kusintha tchanelo ya Zigbee kumachititsa kuti zipangizo zina zifune kulumikizidwanso chimodzichimodzi. Mafoni ndi ma TV amene angathe kugwiritsa ntchito 5 GHz asamutsireni kumeneko.

Malo amene hub, kabokosi kamene kamapereka malamulo ku mababu a Zigbee, yakhala ndi ofunika kwambiri. Musaiunjike pamwamba pa rauta kapena kuibisa kuseri kwa TV. Italikitseni mita imodzi kapena iwiri, pamalo okwera, chapakati pa nyumba. Amene mumagwiritsa ntchito kachipangizo ka Zigbee kolowetsa pa kompyuta dziwani kuti USB 3.0 imatulutsa phokoso pa 2.4 GHz, monga mmene kampani ya Intel inafotokozera mu 2012. Chingwe chotalikitsira cha mita imodzi, cholowetsedwa pa malo a USB 2.0, chimachiza vuto limene ena amalimbana nalo miyezi. Makoma a njerwa zowotcha, denga la malata ndi mabokosi achitsulo a m'khoma zimafooketsanso mafundewa.

Zipangizo za Zigbee zimapatsirana uthenga ngati anthu opatsirana njerwa pa mzere. Mababu ambiri ndi mapulagi amene ali pa magetsi nthawi zonse amalandira ndi kupititsa uthenga kwa anzawo, pomwe tizipangizo ta batire sititero. Wina akazimitsa babu la m'kolido pa switchi ya pakhoma, nyali za kuseri kwake zimatha kusowa njira, ndipo mwini nyumba amaganiza kuti pali chisokonezo. Fotokozerani onse a m'nyumba, ana ndi alendo omwe, kuti switchi imeneyo izikhala yoyatsa, ndipo pakati pa hub ndi chipinda chakutali ikanipo pulagi ya Zigbee imene sizulidwa. Mukasintha chilichonse perekani tsiku lathunthu kuti zipangizozo zipeze njira zatsopano musanagamule kuti sizinathandize.

Ngati oyandikana nawo ali ndi ma Wi-Fi ambirimbiri moti mpata palibe, Z-Wave ndi njira ina yolankhulirana popanda mawaya imene mungasankhe, chifukwa imakhala pansi pa 1 GHz, kutali ndi piringupiringu wa 2.4 GHz. Koma samalani ndi kumene chipangizo chagulidwa, makamaka pamene abale a kunja akukutumizirani. Za ku Ulaya ndi ku South Africa zimalankhula pa 868 MHz, za ku America pa 908 MHz, ndipo ziwirizi sizimvana. Kuwonjezera apo, maswitchi ambiri a ku America anapangidwira 120 V pa 60 Hz, kotero musanalole kuti wamagetsi aike chilichonse pakhoma, werengani tizilembo ta kumbuyo kwake muone ngati palembedwa 230 V ndi 50 Hz.